M'busa wa suti ndi m'busa wa mbuzi

Madamu a ku Matawale:
Anzanga, ndakumana nazo lero kusukulu. Ana anga a Sitandade 6 ndinawauza kuti atulutse mapensulo, aliyense ajambule m'busa. Sindinafotokoze zambiri, dala. Potolera mapepala ndapeza kalasi yonse yajambula bambo wa suti ndi tayi, Baibulo m'manja, ena mpaka maikolofoni ndi galimoto kumbuyo kwake. Ana atatu okha ndi amene ajambula munthu ali ndi ziweto. Awiri akopera chithunzi cha pa kalendala chija, Yesu wa tsitsi lalitali, mkanjo woyera mbee, kamwana ka nkhosa pachifuwa ngati khanda. Mmodzi yekha, kamnyamata ka ku Jali kamene kakukhala ndi azakhali ake kuno, kajambula mwana wopanda nsapato, legeni m'khosi, mbuzi zisanu, ina itaimirira ndi miyendo yakumbuyo ikubudula masamba a mtengo. Anzake amuseka kuti sanamve funso. Ine ndamupatsa malikisi onse. Koma mpaka pano mutu sunakhazikike. Zomba yomwe ino, mbuzi zili mbwee m'mbali mwa msewu wa ku Songani, ana osadziwa m'busa?

Wakanyenya wa pa Mpondabwino:
Kkkkk anawo sanalakwe madamu. M'busa wa nkhosa za miyendo iwiri ndiye amaoneka masiku ano. Wa mbuzi amamuona ndani?

Abusa Opuma a ku Chinamwali:
Mwayamba kutigenda kukadali m'mawa, achimwene. Koma sindikana. Dzinali ife tinachita kubwereka, eni ake ndi ana a kubusa. Ngakhale ndodo ya bishopu yopindika kumutu ija si yachilendo, ndi ndodo ya woweta nkhosa, yokolera chiweto pakhosi chikafuna kulowera kwina.

Mnyamata wa pa Chanco:
Madamu, nkhaniyi yandifika pamtima chifukwa ndi zimene ndakhala ndikuwerenga temu ino. Chodabwitsa ndi chakuti chithunzi cha kamnyamata ka ku Jali ndi chimene chikufanana ndi zithunzi zoyambirira za Akhristu, osati cha pa kalendala. Ku Rome kuli manda okumbidwa pansi pa nthaka, njira zake zitalizitali ngati una wa mbewa, kumene Akhristu ankaika maliro m'zaka za m'ma 200, chipembedzo chawo chisanaloledwe. M'manda otchedwa a Priscilla, padenga pa chipinda china, anajambula M'busa Wabwino. Alibe ndevu. Alibe mkanjo wautali. Ndi mnyamata wamba, kamalaya kolekeza m'maondo ngati ka munthu waganyu, chiweto wachipingasa pamapewa, ziweto zina ziwiri m'mbali mwake, mbalame m'mitengo. Pa zithunzi zina za m'manda ngati amenewa wanyamula kachidebe ka mkaka, ndipo pena chimene chili paphewa si nkhosa ayi, ndi kambuzi.

Ndiye muone zimene zinachitika mfumu Constantine italola Chikhristu mu 313. Patangopita zaka zana ndi kanthu, mumzinda wa Ravenna, m'kanyumba kotchedwa dzina la Galla Placidia, M'busa yemwe uja anamupanga ndi timiyala tonyezimira. Wakhala pansi, wavala zagolide ndi nsalu yofiirira ya mafumu, ndodo yake yasanduka mtanda wagolide, nkhosa zangomuzungulira zikumuyang'ana. Paphewa palibe kanthu. Tchalitchi chitalemera, m'busa anatula katundu.

Wakanyenya wa pa Mpondabwino:
Ndiye suti inayamba kalekale eti. Abusa pepani.

Agogo a ku Kachulu:
Ndikulemba ndi foni ya mdzukulu wanga, mundipirire. Mwanawe wa pa Chanco, amene anajambula m'manda uja anali ataonapo ziweto. Ndikutero chifukwa cha kanyamulidwe. Mbuzi sunyamula pachifuwa ngati mwana, imapalapata, imakutchaya ndi ziboda, suyenda nayo mtunda. Umaiika kuseri kwa khosi, mimba yake igunde pamsana pako, miyendo yakutsogolo dzanja ili, yakumbuyo dzanja linalo. Ikatero imangoti zii, mtima wake umaumva ukugunda pakhutu pako. Make amakutsata pambuyo akulira, sufunanso chingwe. Koma chimene ojambula sasonyeza ndi ichi: imakukodzera. Mkodzo wofunda umatsika mumsana mpaka m'kabudula. Mkanjo woyera wa pa kalendala uja sungathe tsiku kubusa.

Make Tadala wa ku Thondwe:
Kkkkk agogo mwandipha. Zoona zokhazokha, ndinaziona ine.

Mnyamata wa pa Chanco:
Agogo, zimene mwanenazi m'mabuku mulibe. Ndapita kukayang'ananso zithunzizo, manja agwiradi miyendo momwemo. Komanso kaimidwe kameneka Akhristu sanakayambe ndiwo. Agiriki anali nako kale. Ku Athens kuli chiboliboli cha mwala chosemedwa zaka pafupifupi 570 Yesu asanabadwe, bambo wandevu atanyamula thole pamapewa, manja ake ndi miyendo ya tholeyo zitapingasana pachifuwa. Nkhope ziwirizo zayandikana ngati paubale. Koma bamboyo sakulipulumutsa tholelo, akupita nalo kukapereka nsembe.

Wakanyenya wa pa Mpondabwino:
Ameneyo ndiye mnzanga. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Che Mjomba a ku Songani:
Salaam nonse. Musaiwale kuti nkhani ya ubusa si ya kutchalitchi kokha. Kwathu timaphunzira kumadrasa kuti palibe mneneri amene sanawetepo nkhosa, ndipo Mtumiki Muhammad mwini wake ali mnyamata ankadyetsa nkhosa za anthu a ku Makka, akumulipira tindalama tochepa. Anali waganyu. Mashehe amatimasulira kuti amene wapirira ndi nkhosa, zobalalika, zosamva, zofooka, ndi amene angapirire ndi anthu. Ine ndinaweta mbuzi za amalume anga m'mphepete mwa mtsinje wa Domasi, ndipo ndinganene kuti akanakhala kuti aneneriwo anaweta mbuzi za kuno, akanapirira koposa.

Abusa Opuma a ku Chinamwali:
Che Mjomba mwalasa. Musa, kapena kuti Mose kwathu kuno, chitsamba choyaka moto anachiona akudyetsa ziweto za apongozi ake. Davide anachita kukamuitana kubusa. Amosi anali woweta wa ku Tekowa. Koma ine pa onsewa amene amandikhudza ndi Yakobo pa Genesis 31, pamene akuwerengera Labani mavuto ake. Akuti zaka 20 usana dzuwa linkamuwamba, usiku chisanu, tulo osaliona, ndipo chiweto chikajiwa ndi chilombo ankalipira yekha. Amenewo ndi mawu a munthu amene anawetadi. Salimo 23 timaikonda pamaliro, koma ija ndi nkhosa ikuyamikira. Pa Genesis 31 ndi pamene m'busa akulankhula yekha, ndipo akudandaula malipiro.

Mnyamata wa pa Chanco:
Ndipo mafumu anaona msanga kuti dzinali ndi lokoma. Hammurabi wa ku Babulo, pamwala wa malamulo ake umene uli ku Louvre, nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Paris, akudzitcha m'busa wa anthu ake. Mafarao a ku Iguputo chimodzimodzi. Bokosi lagolide la Tutankhamun, amene manda ake anapezeka mu 1922, likumuonetsa atapingasa manja pachifuwa, dzanja lina kandodo kopindika ka m'busa, lina chokwapulira.

Nangozo wa ku Sadzi:
Ndodo ndi chikwapu pamodzi. Osanena zambiri, tili pagulu.

Abusa Opuma a ku Chinamwali:
Ezekieli 34 ananena kale m'malo mwanu mayi. Abusa omwa mkaka, ovala ubweya, opha zonenepa, koma yothyoka mwendo osaimanga, yotayika osaifuna. Mutu umenewo sindinaumvepo kawirikawiri pa guwa. Ineyo zaka zonse zimene ndinatumikira ndinaulalikira kawiri kokha, ndipo ulendo wachiwiri akulu ampingo anandiitanira pambali.

Make Tadala wa ku Thondwe:
Inu mukukometsa abusa, ine ndili ndi mlandu nawo. Chaka chatha, chimanga chitangofika m'maondo, feteleza wokongola ndathira kale, mbuzi zisanu ndi ziwiri za a neba zinalowa m'munda mwanga. Kamnyamata kodyetsa kanali kumtsinje kukuwedza ndi anzake. Pofika ine mizere khumi ili mbuu, zangotsala ziputu. Tinakafika kwa amfumu. Eni mbuzi akuti ndi mwana, mumukhululukire. Ine ndinati mwanayo ndamukhululukira, koma mbuzi si za mwana. Anagamula kuti andipatse kamsoti kamodzi, mpaka lero ndikudikira. Ndiye mukamati m'busa ndi chilengedwe, chikondi, ine ndimaona ziputu zija.

Komanso wina asanene kuti kubusa kunali kwa anyamata okha. Kwathu tinabadwa akazi okhaokha anayi, mbuzi ankadyetsa ndani? Ine, mwana kumsana, mtolo wa nkhuni pobwerera.

Mnyamata wa pa Chanco:
Mayi, mlandu wanu unajambulidwa kale mu 1851! Mngelezi wina, William Holman Hunt, anapenta m'busa waganyu. Mnyamata wofiira masaya wagwada paudzu akucheza ndi mtsikana, akumuonetsa gulugufe wausiku amene wagwira. Pamiyendo pa mtsikanayo kamwana ka nkhosa kakudya maapozi osapsa, amene angakadwalitse. Kumbuyo kwawo nkhosa zabalalika, ina yawoloka kale ikulowa m'munda wa tirigu. Chithunzicho chili ku Manchester. Mukachiona mudzati ndi ku Thondwe.

Abusa Opuma a ku Chinamwali:
Ndipo chigamulo chilipo pa Eksodo 22: amene walekerera chiweto chake kudya m'munda wa mnzake alipe ndi zokolola zabwino koposa za m'munda mwake. Kawawerengereni a neba.

Make Tadala wa ku Thondwe:
Amapemphera kwambiri kuposa ine, akudziwa.

Wakanyenya wa pa Mpondabwino:
Kamsotiko akakupatsani mundiimbire, ndimagula bwino.

Adimini:
Achimwene, malonda Lachisanu. Pitirizani nkhani.

Agogo a ku Kachulu:
Mayi a ku Thondwe akunena zoona, ifenso tinkalakwa, ndipo tinkakwapulidwa. Koma ndiloleni ndifotokoze zimene kubusa kunandiphunzitsa, chifukwa anzanga amene ndinkadyetsa nawo atha, ndatsala ndekha.

Bambo anga anali ndi ng'ombe 14 kudambo la Chilwa. Iliyonse inali ndi dzina. Ndimakumbukira Mawanga, Mwali, ndi nkhalamba ina tinkaiti Nyanga Imodzi, imene inkatsogolera. Sindinkadziwa kuwerenga manambala bwinobwino, koma madzulo pakhomo pa khola ndinkadziwa kuti yasowa yakuti, monga mayi adziwira kuti mwana wina sanabwere kudzadya. Suwerenga, umaona nkhope imene palibe.

Mu 1968 nyanja inaphwa. Ndinali ndi zaka 12. Pamene pankayenda mabwato panasanduka dothi long'ambika, ming'alu yolowa phazi, anthu n'kumapita ku Chisi wapansi. Matemba anatha, asodzi anabalalika. Madzi otsala m'zithaphwi anali amchere ndi matope okhaokha, ng'ombe zinkangonunkhiza n'kutembenuka. Tsiku lina Nyanga Imodzi inakana njira imene ndinkazikusira. Ndinaimenya, osamva. Inalunjika kukhwawa lina louma, zinzake pambuyo, ine ndikulira pambuyo pa zonse. Itafika pamchenga inayamba kupalasa ndi chiboda. Ndinagwada n'kufukula ndi manja, ndisanafike m'chigongono mchenga unayamba kuzizira, kenako madzi. Tinamwa pamodzi, ine ndi iyo. Ndiye mukandifunsa kuti pakati pa ine ndi ng'ombe ija m'busa anali ndani chaka chimenecho, yankho ndilibe.

Zina tinkaphunzira osadziwa kuti tikuphunzira. Msipu woyamba ukangophuka suzisiya zidye mokhuta m'mawa mame asanaume, zimatupa mimba. Utomoni wa nkhadze ukalowa m'diso la thole, lapita. Nyemba za msangu zikayamba kugwa m'chilimwe, ziweto zimathamangira pamenepo, ndipo mtengo umenewu ndi wosiyana ndi inzake, umayoyola masamba nthawi ya mvula, n'chifukwa chake chimanga chimakula pansi pake. Akakowa akauluka onse mwadzidzidzi pakati pa ng'ombe, yang'ana pansi, pali chinthu. Chisa cha nantchengwa sugwetsa. Mapazi a fisi ndi a galu tinkawasiyanitsa tili ana osavala.

Nangozo wa ku Sadzi:
Agogo, ndawerenga kawiri. Zikomo.

Madamu a ku Matawale:
Inenso. Koma agogo ndikufunseni mwaulemu, sukulu munafika nayo pati?

Agogo a ku Kachulu:
Sitandade 2, mwana wanga. Mng'ono wanga ndiye anaphunzira, chifukwa ng'ombe zinali ndi ine. Iye anakagwira ntchito m'boma likulu likadali kuno ku Zomba, lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Fizi yake inachokera mwa Mwali, tinamugulitsa. Sindidandaula, koma musaganize kuti sindinkafuna. Ndinkamva belu la sukulu ndili kudambo.

Madamu a ku Matawale:
Apa ndi pamene pali mtima wanga. Ndikuopa kuti tingayambe kulira kuti ana sakudziwa kubusa, pamene chimene chachitika n'chakuti ana ali m'kalasi. Kuyambira 1994 pamene pulayimale inakhala yaulere, mwana amene akanakhala kudambo ali pa desiki, kapena pansi pa mtengo, koma ali pasukulu. Ndipo amene akudyetsabe ziweto mkati mwa sabata kawirikawiri si mwana wa mwini ziweto, ndi mwana wa wosauka amene analembedwa ganyu. Ameneyo sitingamujambule ndi maluwa.

Mnyamata wa pa Chanco:
Madamu, msampha umenewo azungu anagwamo zaka mazana. Anthu a m'tauni amene sanapondepo ndowe ndi amene ankakonda kwambiri zithunzi za abusa. Nicolas Poussin cha m'ma 1630 anajambula abusa a ku Arcadia, dera lina la ku Greece, matupi osalala ngati milungu, ataima pamanda akuwerenga zolembedwa pamwala. Chithunzi chokongola zedi, koma fungo la khola mulibemo. Mfumukazi ya ku France, Marie Antoinette, mu 1783 inalamula kuti aimangire kamudzi kuseri kwa nyumba yachifumu ku Versailles, nyumba zofolera ndi udzu, khola, mokamira mkaka, kuti izikapumulako moyo wa kumudzi. Alimi enieni akusowa buledi. Patangotha zaka 6 dziko linagalukira mafumu.

Amene anayesako kunena zoona ndi Jean-François Millet, chifukwa iye anabadwira m'banja la alimi. Chithunzi chake chimene anaonetsa mu 1864, chili ku Musée d'Orsay, nyumba yosungiramo zithunzi ku Paris, ndi kamtsikana kataima m'chigwa chopanda mtengo, kafunda chofunda chokhuthala, mutu uli pansi kakuluka ndi singano, nkhosa zikudya kumbuyo, galu cha pambali. Sikakumwetulira. Ukachiyang'ana nthawi yaitali umamva kutalika kwa tsiku.

Make Tadala wa ku Thondwe:
Eya, kutalika kwa tsiku. Ameneyo anadziwa. Dzuwa la kubusa limachedwa kulowa kuposa lina lililonse. N'chifukwa chake tinkaluka tizibangili ta udzu, kuwotcha mbatata, kuyambana popanda chifukwa. Ndipo kamtsikanako mwati kakuluka? Ndiye nkhani yomwe ija, mkazi sapatsidwa ntchito imodzi.

Nangozo wa ku Sadzi:
Ine ndine wa ku Ntcheu, kuno ndinabwera ndi ukwati. Kwathu kwa Angoni khola linali pakati pa mudzi, milandu inkakambidwa pamenepo, akuluakulu ankaikidwa pafupi nalo. Alongo anga kubusa ankaumba ng'ombe zadothi, iliyonse ndi linunda lake, nyanga zosongoka, n'kumazimenyanitsa mpaka ya wina ithyoke. Zinali zokongola moti amayi ankaziika pawindo. Tsono ndifunse: amene aja sanali ojambula? Tikungotchula a ku Paris ndi ku Rome, ngati kuti kuno m'busa ankangojambulidwa. Kuno m'busa ndiye anali mmisiri mwini wake. Chitoliro chabango ankapanga yekha, nyimbo ankapeka yekha.

Mnyamata wa pa Chanco:
Mwandigwira pamenepo mayi, ndavomera. Ndipotu zithunzi za abusa zakale koposa zonse ndatchulazi zili mu Africa muno, ndipo anajambula ndi abusa eni ake. Kum'mwera kwa Algeria kuli mapiri otchedwa Tassili n'Ajjer, pakati pa chipululu cha Sahara, pamene lero pamamera zochepa kwambiri. M'mapanga mwake muli zithunzi zoposa 15,000. Zambiri ndi ng'ombe, magulumagulu, anthu akuzikusa, ena akhala pafupi ndi misasa yawo. Zinajambulidwa zaka zikwi zingapo Yesu asanabadwe, nthawi imene Sahara inali ndi udzu, mitsinje ndi mvuu. Chimene chimandisangalatsa ndi chakuti ng'ombezo sizifanana. Iyi mawanga ake otere, iyo nyanga zopindikira uku. Wojambulayo sankajambula ng'ombe wamba, ankajambula Mawanga ndi Nyanga Imodzi zake. Ku Laas Geel ku Somaliland kulinso zotere, ng'ombe zokongoletsedwa m'khosi, munthu ataima pafupi manja ali m'mwamba.

Kenako mvula inachepa, udzu unatha, anthu anasamuka ndi ziweto zawo. Zinatsala ndi zithunzi pamwala.

Che Mjomba a ku Songani:
Chilwa ya agogo yomwe ija, kungoti ya kumeneko sinabwerere.

Agogo a ku Kachulu:
Yathu inabwerera, inaphwanso mu 1995, inabwereranso, mu 2018 yatsala pang'ono kutheratu. Koma dambo la kale si ili. Pamene tinkadyetsa pali mpunga tsopano. Sindikunena kuti olima mpunga alakwa, anthu tachuluka, tidya chiyani. Kungoti ng'ombe yasowa poponda.

Abusa Opuma a ku Chinamwali:
Nanga zithunzi za pamiyala za ku Dedza zija, mwana wa pa Chanco, mulibe abusa?

Mnyamata wa pa Chanco:
Za ku Chongoni, abusa. Malo 127, bungwe la UNESCO linawavomereza mu 2006 kukhala malo ofunika padziko lonse. Koma zija ndi zina. Zofiira ndi za Akafula, anthu osaka nyama ndi kutola zipatso, zoyera ndi za Achewa, zokhudza chinamwali ndi gule. Makolo a kuno ambiri anali a khasu, ziweto zinali mbuzi ndi nkhuku zapakhomo. Ng'ombe zambiri zinali kwa Angoni ndi kwa Ankhonde ku Karonga.

Nangozo wa ku Sadzi:
Ndipo nazonso zinapululuka nthawi ina. Agogo anga ankasimba zimene anamva kwa makolo awo, za mliri umene unasesa makola, anthu n'kumangoyang'ana mitembo ya ng'ombe osatha kuidya yonse.

Mnyamata wa pa Chanco:
Umenewo ndi mliri wa rinderpest. Unalowa mu Africa cha m'ma 1887 ndi ng'ombe zimene asilikali a ku Italy anabweretsa ku Eritrea, n'kutsika ndi dziko lonse mpaka kufika ku South Africa mu 1896. M'madera ambiri unapha ng'ombe 9 pa 10 zilizonse, njati ndi nyama zina zam'tchire osazisiya. Amasai anafa ndi njala ochuluka. Ziweto zitatha, tchire linabwerera pamene panali busa, kashembe n'kufalikira. Malo ena amene azungu anawapeza opanda anthu n'kumati ndi chilengedwe chosakhudzidwa, anali mabusa a anthu zaka zochepa m'mbuyomo. Matendawa analengezedwa kuti atheratu padziko lonse mu 2011.

Wakanyenya wa pa Mpondabwino:
Ndiyankhuleko zenizeni kamodzi, osati nthabwala. Ine mbuzi ndimaziona mkati, inu mumaziona kunja. Masiku ano ukatumbula mbuzi ya m'tauni muno, m'chifu umapezamo majumbo atapotana ngati chingwe, nthawi zina mpira wake kukula ngati papaya. Mbuzi yoonda, mimba yokha tuu, mwini wake akuti yalodzedwa. Sinalodzedwe, ilibe woiyang'anira, ikudya kudzala. Ya ku Chingale kapena ku Mayaka imene ili ndi mwana woitsata, m'chifu muli masamba okhaokha, ndipo nyama yake makasitomala amaidziwa.

Make Tadala wa ku Thondwe:
Koma ana omwewo ndi amene amatentha tchire posaka mbewa. Mwezi wa Seputembala tayang'anani phiri usiku, mizere ya moto mpaka kufupi ndi Ku Chawe. Musawayeretse.

Agogo a ku Kachulu:
Moto tinkayatsa, mayi, sindikana. Koma unali ndi nthawi yake. Akulu ankatiuza kutentha udzu usanaumitse, m'mawa mphepo isanadzuke, kachigawo kochepa, kuti palupsa paphuke msipu wa ziweto. Ukatentha mu Okutobala, bambo ako omwe ankakumangirira pamtengo. Woweta sangatenthe dambo lonse, mawa ng'ombe zake zidya chiyani? Amene amatentha phiri lonse ndi amene alibe chiweto chodikira udzuwo.

Abusa Opuma a ku Chinamwali:
Chinanso chimene ndinazindikira mochedwa. Pa Yohane 10 akuti m'busa amatsogola, nkhosa zimamutsata chifukwa zimadziwa mawu ake. Ndili mnyamata ndinkadabwa, chifukwa kwathu mbuzi timazikusa tili pambuyo, ndi miyala. Ndinadzamva kuti abusa a ku Palestina amayendadi patsogolo mpaka lero. Tsiku lina ndikulalikira zimenezi kumudzi wina cha ku Malosa, gogo wina anadzuka n'kunena kuti, abusa, mukatsogola kuno mukatembenuka mupeza zonse zili m'munda mwa eni. Mpingo wonse unafa ndi kuseka, ulaliki unathera pomwepo.

Che Mjomba a ku Songani:
Gogoyo anali ndi digiri ya mbuzi.

Madamu a ku Matawale:
Mwandithandiza nonse. Ndaganiza chochita Lachinayi. Sindiwauza kuti anajambula zolakwika, chifukwa sanalakwe, anajambula m'busa amene amamuona. Ndisindikiza zithunzi zitatu, cha ku Rome chija, cha ng'ombe za ku Sahara, ndi cha kamtsikana koluka, ndiziika pabolodi pamodzi ndi cha mnzawo wa ku Jali, osanena kuti ichi ndi cha ndani. Kenako tiumba ng'ombe zadothi, ndipo mphunzitsi wa tsikulo akhala mnyamatayo. Vuto langa ndi dongo. Lapasukulu pathu ndi lamchenga, limangosweka.

Agogo a ku Kachulu:
Musatenge lapamtunda. Pitani m'mbali mwa Likangala pamene madzi amaima, kapena pachulu chakale, mukumbe kupitirira dothi lakuda mpaka mupeze lomata m'zala. Muchotse timiyala, mulikande ngati ufa wa mandasi, ligone usiku umodzi mutalikulunga m'masamba a nthochi. Poumba ayambe thupi ndi linunda kuchokera pa chibuma chimodzi, asamate linunda padera, limagwa. Miyendo ikhale yaifupi, yonenepa. Nyanga akhoza kubayamo minga ya mthethe. Aziumike pamthunzi, padzuwa zimang'ambika.

Nangozo wa ku Sadzi:
Ndipo muwalole azimenyanitse pomaliza, apo ayi si ng'ombe zadothi.

Madamu a ku Matawale:
Ana 90 kumenyanitsa ng'ombe m'kalasi? Ahedi andithamangitsa. Tikachitira kubwalo la mpira. Agogo, minga ya mthethe ija kuno ku Matawale ndiipeza kuti?

Agogo a ku Kachulu:
Musavutike nayo. Mufunseni mnyamata wa ku Jali, wauona kale mtengowo panjira yake ya kusukulu.